Adzaweta ndani? Kaundula wa ntchito ya mbuzi ndi sukulu ku Kajiado

Okutobala 2023

Ndafika kumudzi kuno mvula itangoyamba kuwaza. Mudziwu uli kum'mwera kwa Kajiado m'dziko la Kenya. Umapatuka pamsewu wa tala wochokera ku Nairobi kupita ku Namanga, kumalire ndi Tanzania, n'kukwera njinga yamoto ola limodzi ndi theka m'fumbi. Ndizilemba muno ndikapeza mpata, kuti inu amene munasonkha ndalama muzidziwa komwe zikupita, komanso kuti ineyo ndisadzaiwale pamene tinaphonya.

Mudzi wa Amaasai, womwe eni ake amautcha enkang, ndi mpanda wa minga wozungulira. M'kati mwake muli nyumba zazifupi zomata ndi dothi ndi ndowe, zomangidwa ndi amayi, ndipo pakati penipeni pali khola la ng'ombe. Khola la mudzi woyamba umene ndinalowamo n'lalikulu moti anyamata angasewerepo mpira. Ndinawerengamo ng'ombe 7. Mwini wake anandiuza kuti chilala chisanafike ng'ombe zinkakanikizana pachipata madzulo. Kuno mvula imagwa kawiri pachaka, yaitali kuyambira Malichi mpaka Meyi, yaifupi kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Kuchokera kumapeto kwa 2020 kufika kumapeto kwa 2022, nyengo zisanu zotsatizana mvula inakana, ndipo boma la Kenya linalengeza kuti ziweto zoposa 2 miliyoni zinafa. Mafupa akadali mbwee m'mbali mwa njira. Amayi ena anandisonyeza mitengo iwiri imene ankaipisa kunsi kwa mimba ya ng'ombe m'mawa uliwonse, anthu anayi n'kuinyamula kuti iimirire.

Dongosolo limene ndabwera nalo ndi lomwe lija tikulidziwa kwathu ku Malawi, lopatsirana mbuzi. Ndinaligwirapo zaka zingapo ku Chikwawa ndili mlangizi wa ziweto. Mabanja 40, banja lililonse mbuzi zazikazi 4, atonde 8 ogawana. Mbuzi zikaswa, ana aakazi oyamba akakula amaperekedwa ku banja lina. Lamulo n'limodzi: ana onse a msinkhu wa sukulu pabanjapo azipita kusukulu. Kuwonjezera apo tiziphika phala pasukulu ya pulaimale ya m'deralo.

Msonkhano woyamba unachitikira pansi pa mtengo wa minga, abambo mbali yawo, amayi mbali yawo. Mkulu wina anayamba ndi madalitso, anthu onse n'kumavomera kuti "Naai" pamzere uliwonse. Kenako funso loyamba linali lakuti, bwanji mbuzi osati ng'ombe? Ndinayankha za ndalama, kuti mtengo wa ng'ombe imodzi ukugula mbuzi zingapo, komanso kuti mbuzi imakhala ndi bere miyezi 5 pamene ng'ombe imatha 9. Iwo anagwedeza mitu mwaulemu, monga momwe munthu amachitira mwana akamamuphunzitsa zimene anabadwa nazo. Amayi ndi amene anatiwombola. Wapampando wa gulu lawo anati ng'ombe ikagulitsidwa ndalama zake mayi saziona, koma mbuzi mayi angathe kuikakamira.

Kanthu kena kochititsa manyazi: ana atabwera kudzandilonjera ndinatambasula dzanja kuti tigwirane chanza. Iwo anangoweramitsa mitu n'kuima. Wotimasulira anandinong'oneza kuti mwana amapereka mutu, wamkulu n'kuikapo dzanja. Tsopano ndazolowera. Kwa abambo ndimati "Supa", iwo amati "Ipa". Kwa amayi ndimati "Takwenya", iwo amati "Iko". Chimaasai changa chathera pomwepo, kwinako ndikudalira Chiswahili chothyokathyoka.

Novembala 2023

Tagula mbuzi pamsika wa ziweto wa Bissil, maulendo atatu. Ndinali ndi mtima wofuna mbuzi za mtundu wa Galla zokhazokha, zoyera zija zazitali miyendo zochokera kumpoto kwa Kenya, chifukwa zimakula msanga ndipo mkaka wake ndi wochulukirapo. Amayi anayi amene komiti inasankha kuti apite nane anakana. Anati zazikazi zikhale zam'deralo, zazing'ono zamawangamawanga zomwe zapulumuka chilala, atonde okha ndi amene akhale a Galla. Ndinagonja, ndipo ndikuganiza kuti anali olondola.

Kugula nawo kunali sukulu. Ine ndimayang'ana mano kuti ndidziwe zaka, ndimatsegula chikope kuona ngati magazi alimo, ndimagwira bere. Iwo amachita zonsezo, kenako amaima patali n'kuyang'ana mmene mbuzi ikuyendera pakati pa zinzake. Ina ndinaikonda kwambiri, yonenepa, mano awiri akuluakulu okha. Mayi wina anangoti "ayi", n'kuloza mphuno yake. Panali kachimfine kochepa kwambiri koti ine sindinakaone. Pamsika ponse pali madalali, ndipo akangoona munthu wachilendo atanyamula kope, mtengo umakwera pomwepo. Ulendo wachiwiri ndinakhala pasitolo ya tiyi, amayiwo n'kumakambirana mitengo okha, ine n'kumangotumiza ndalama pafoni kudzera pa M-Pesa akandikodola. Tinapulumutsa ndalama zokwanira kuwonjezera atonde awiri.

Mvula ya El Niño yagwa yambiri. Lole inatitimira kawiri.

Disembala 2023

Mbuzi zonse tinazisunga pamalo amodzi masabata atatu tisanazigawe. Tinazibaya katemera wa mliri wa mbuzi ndi nkhosa wotchedwa PPR ndi wa matenda a m'mapapo amene kuno amawatcha olkipiei, n'kuzimwetsa mankhwala a njoka zam'mimba. Ngakhale tinatero, zafa 6, zinayi mwa izo za ulendo woyamba uja ndinkasankha nawo ine.

Ndolo zapulasitiki zokhala ndi manambala zinabweretsa mkangano pang'ono. Amaasai ali ndi njira yawo yodula makutu a ziweto, fuko lililonse kadulidwe kake, ndipo munthu akaona khutu amadziwa mwini wake. Ndolo yachikasu ikusonyeza kuti mbuziyo ndi ya bungwe, si yawo. Tinagwirizana kuti khutu lamanja ndi la ndolo, lamanzere adule mwa makolo awo.

Tsiku logawa, gogo wina atalandira mbuzi zake anandigwira mkono n'kundiitana kuti "Pakine". Anandifotokozera kuti kuno munthu akakupatsa chiweto, dzina lake lenileni umalisiya, mumayamba kuitanana ndi dzina la chiwetocho. Wa ng'ombe ndi Pakiteng, wa mbuzi ndi Pakine. Ndinayesa kunena kuti mbuzizo si zanga, ndi za anthu ambiri amene anasonkha. Anati iye waona dzanja langa.

Januwale 2024

Sukulu zatsegulidwa pa 8. Apa ndi pamene ndikufuna kulemba mosabisa, chifukwa zinthu sizinayende.

Mabanja 40 aja ali ndi ana 131 a msinkhu wa sukulu. Sabata yoyamba analembetsa 118, tinasangalala. Pofika sabata yachitatu, aphunzitsi aakulu anandiitanira mu ofesi n'kunditsegulira kaundula. Ana a mabanja athu akujomba kuposa ana a mabanja amene sanalandire mbuzi. Ena amabwera Lolemba ndi Lachiwiri, Lachitatu m'malo mwawo n'kubwera mng'ono wawo. Ena amafika nthawi ya phala, akamwa osaonekanso.

Ndinapita kukaona ndekha. M'mawa wina ndinatsatira kamtsikana ka Giredi 4, kamene dzina kake kali m'kaundula wathu. Kanavala yunifolomu, juzi yobiriwira, koma m'manja munali ndodo, patsogolo pake mbuzi zinayi za ndolo zachikasu ndi tinkhosa titatu. Ndinakafunsa kuti sukulu bwanji lero. Kanati lero ndi tsiku la mchimwene wake.

Nkhani yake ndi yosavuta kuimvetsa ukaiona, koma ine ndinabwera nditaitseka maso. Mabanja amene tinasankha ndi osaukitsitsa, amene chilala chinawasesa makola. Chaka chathachi ana awo ankapita kusukulu tsiku lililonse chifukwa panalibe choti awete. Abambo ambiri anapita ku Nairobi ndi ku Kitengela kukagwira ntchito yaulonda. Anyamata akuluakulu ali kutali ndi ng'ombe zotsala. Mayi ali ndi madzi oti akatunge, nkhuni, mkaka, mwana wakhanda. Ife tabweretsa mbuzi zinayi pakhomo lotero n'kunena kuti ana onse kusukulu. Adzaweta ndani? Kumudzi kwathu mbuzi umaimangirira pachingwe nthawi ya dzinja, chilimwe imadziyendera yokha m'mudzi n'kubwera madzulo. Kuno mbuzi yosiyidwa yokha ndi chakudya cha fisi, kambuku kapena nkhandwe, ndipo msipu ndi madzi zili mtunda wautali. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kanga kameta mbali yolakwika.

Febuluwale 2024

Mwezi wonse wapita ndi misonkhano. Mnzanga wa ku ofesi ankafuna kuti titsate lamulo: banja limene ana ake akujomba tililande mbuzi. Ndinakana, osati chifukwa cha chifundo chokha. Ukalanda banja limodzi, ena onse ayamba kukubisira zoona, ndipo kaundula adzakhala wokongola koma wabodza.

Mkulu wina, amene ali ndi akazi atatu ndi ana ambiri, anandifotokozera mmene iye amaganizira. Anati mwana wochenjera, wodziwa kuwerenga ziweto ndi maso okha n'kuzindikira imene yasowa, sungamutaye kusukulu. Kusukulu umatumiza amene mbuzi zimamuthawa. Ananena akuseka, koma anapitiriza kuti masiku ano maganizowo akusintha, chifukwa pachilala amene anapulumutsa ng'ombe zake zotsala ndi mwana uja anamutaya kusukulu, yemwe tsopano ndi namwino ndipo ankatumiza ndalama za udzu wogula. Choncho si kuti anthuwa sakudziwa phindu la sukulu. Kenya inayamba maphunziro aulere a pulaimale mu 2003, ife tinayamba mu 1994, ndipo konse kuwiri taona kuti fizi ikachotsedwa pamatsala mtengo wina umene boma sililipira, womwe ndi ntchito imene mwanayo akanagwira pakhomo.

Yankho linachokera kwa amayi. Anati mbuzi za mabanja oyandikana ziphatikizidwe, zikhale magulu asanu, gulu lililonse mabanja 8. Poyamba anaganiza zoti azisinthana okha, mayi mmodzi tsiku limodzi pa masiku 8. Magulu awiri atenga njira imeneyi. Magulu atatu asankha kulemba mbusa wamkulu. Ndalama zake tigawana: theka bungwe kwa chaka chimodzi, theka amayi kuchokera ku mikanda imene amagulitsa ndi ku gulu lawo losunga ndalama, lofanana ndi banki m'khonde yathu ija. Ndalama imeneyi munalibe m'bajeti. Ndachotsa ku ndalama za zikwangwani ndi ma T-shirt. Amene munkayembekezera zithunzi za ana atavala malaya olembedwa dzina la ntchitoyi, pepani, sizibwera.

Malichi 2024

Kujomba kwatsika, koma sikunathe. Loweruka ndi Lamlungu ana akuwetabe, ndipo sindikuona vuto. Mwana wa Mmaasai wosadziwa mbuzi angakhale mlendo kwawo komwe.

Gulu limodzi lasokonekera chifukwa mabanja awiri ali ndi chidani chakale cha malire a malo. Deralo kale linali limodzi mwa malo a msipu a anthu onse amene boma linakhazikitsa ndi lamulo la 1968, koma linagawidwa m'mapuloti, ndipo tsopano pali mawaya kumene kale ziweto zinkadutsa. Tasamutsa banja limodzi kupita ku gulu lina.

Phala likuyenda bwino. Ophika ndi makolo mosinthana, nkhuni amabweretsa ana, aliyense kamtengo kamodzi.

Meyi 2024

Mvula yaitali yasanduka chigumula m'dziko lonse. Sukulu zinkayenera kutsegulidwa pa 29 Epulo, boma linaimitsa, mpaka zatsegulidwa pa 13 Meyi. Kuno mtsinje wa mchenga umene chaka chonse timauwoloka osavula nsapato unadzaza masiku 9, ndipo ana a tsidya lina sanathe kufika ngakhale sukulu itatsegulidwa. Chimbudzi cha atsikana chagwa. Takumba china.

Mbuzi sizikonda chinyezi. Zambiri zayamba kutsimphina chifukwa cha zilonda pakati pa ziboda, ndipo njoka zam'mimba zachuluka. Tinamwetsanso mankhwala gulu lonse. Chimene ndinaona n'chakuti nkhosa zofiira za Chimaasai, zimene anthu ambiri anazisiya n'kutengeka ndi za Dorper zochokera ku South Africa, zili bwinobwino pamene za Dorper zikutsekula m'mimba ndi kutupa kukhosi. Akatswiri a ku bungwe lofufuza za ziweto la ILRI ku Nairobi anafufuzapo kale kuti nkhosa zofiirazi zimalimbana ndi njoka zam'mimba kuposa mitundu ina. Gogo uja wonditcha Pakine sanawerengepo zimenezo, koma anakana kusakaniza zake kuyambira kale.

Dziko labiriwira, koma kubiriwira kwina n'konyenga. Pali chitsamba cha maluwa oyera ngati a kholowa, dzina lake oltiameleteti, chimene chafalikira madambo onse. Ziweto sizidya, ndipo pansi pake udzu sumera. Ukaima patali umati msipu ulipo wambiri. Ukafika pafupi ndi dothi lokhalokha.

Juni 2024

Mbuzi zayamba kuswa. Pofika kumapeto kwa mwezi tawerenga ana 97, amapasa ochepa. Mkaka wabwerera m'nyumba. Mayi wina anandimwetsa wowawasa kuchokera m'chipanda chachitali chimene amachitsuka ndi khala la mtengo wa oloirien. Umamveka utsi, ndipo umakoma kuposa chambiko chimene ndinakulira. Aphunzitsi a ana aang'ono akuti ana asiya kugona m'kalasi nthawi ya m'mawa. Sindingathe kusiyanitsa kuti ndi phala kapena mkaka.

Powerenga tinapeza kuti mbuzi zazikulu 11 palibe. Sizinafe, sizinagulitsidwe. Fomu ya ku ofesi ili ndi mabokosi atatu okha: yamoyo, yakufa, yogulitsidwa. Nditafunsa, mayi woyamba anandiuza mosabisa kuti imodzi anapatsa mlamu wake wa kutsidya kwa phiri, amene anabwera kudzapempha mwana wake atadwala. Ndinamukumbutsa pangano lathu. Anandiyang'ana modabwa, n'kunena liwu limodzi: osotua.

Wotimasulira anatenga nthawi kuti andimveketse. Liwulo limatanthauza mchombo, chingwe chija cholumikiza mwana ndi mayi ake. Limatanthauzanso ubale wa anthu awiri umene, wina akakhala pamavuto enieni n'kupempha, mnzakeyo amapereka ngati ali nacho, ndipo sipakhala ngongole. Sawerengerana. Wopempha sapempha choposa chimene akusowa. Mayiyo anati nthawi ya chilala mlamu yemweyo anamusungira ana awiri miyezi 6. Tsopano iye ali ndi mbuzi zinayi pakhomo, anthu onse akuziona, angakane bwanji?

Ndinakhala chete, chifukwa kwathu timati kupatsa n'kuika, ndipo mayi anga akanachita chimodzimodzi. Komabe ndili ndi mabanja ena 40 amene akudikira mbuzi zopatsirana, ndipo nawonso ndinawalonjeza. Komiti inakambirana masiku awiri. Chimene agwirizana n'chakuti mbuzi ya ndolo yachikasu isachoke pakhomo mpaka banjalo litapereka ana a mbuzizo ku gulu lachiwiri la mabanja odikira aja. Wa osotua akabwera, apatsidwe mwana wamphongo kapena mkaka. Zimene zapita kale zapita, sitikazitenga, koma tidzazilondola kuti tidziwe ngati zili moyo. Pafomu ndajambula bokosi lachinayi ndi bolopeni.

Ogasiti 2024

Ntchito yathu ndi ya mbuzi, koma anthu sasiya kundifunsa za ng'ombe, makamaka za matenda amene amawatcha oltikana, obwera ndi nkhupakupa, omwe m'mabuku ndi East Coast fever. Amapha ana a ng'ombe ambiri. Mwana wa ng'ombe amatupa mwanabere kunsi kwa khutu, amatentha thupi, kenako amapuma movutika thovu lili kumphuno. Tinaitana dokotala wa ziweto wodziwa kubaya katemera wake. Katemerayu ndi wachilendo: amabaya tizilombo tamoyo ta matendawo pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline, ng'ombe imadwala pang'ono n'kuchira, ndipo imatetezeka moyo wake wonse. Amabwera mu timapaipi tosungidwa m'chithini chozizira kwambiri cha nayitirojeni, ndipo akasungunula ayenera kubaya ng'ombe zambiri tsiku lomwelo. N'chifukwa chake tinasonkhanitsa ana a ng'ombe a midzi isanu pamalo amodzi. Aliyense analipira yekha, ife tinangolipira galimoto.

Ndinawauza akuluakulu kuti katemera wa mtundu umenewu amapangidwanso kwathu ku Lilongwe, ku malo ofufuza za nkhupakupa ndi matenda ake a CTTBD. Sanakhulupirire msanga. Mmodzi anafunsa ngati ku Malawi kuli ng'ombe n'komwe. Ndinati ziliko, koma munthu wa ng'ombe 20 kwathu ndi mpondamatiki. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu yake yofiira.

Fisi analowa m'khola la gulu lachitatu usiku n'kupha mbuzi 5. Mpanda wa minga unali utaphwa. Tagula waya wa mphako ndi mitengo yachitsulo ya makola awiri, ndipo pa khola lachitatu tayesa nyali zothwanima za sola, nzeru imene anayambitsa Richard Turere wa ku Kitengela ali mnyamata, pofuna kuthamangitsa mikango. Kwa fisi zikuoneka kuti zikugwira, koma mwezi umodzi ndi wochepa kuti ndinene zambiri.

Okutobala 2024

Chilimwe chafika pachimake ndipo magulu awiri asamutsa mbuzi kupita kufupi ndi phiri. Chaka chatha zikanatanthauza kuti ana apita nazo. Chaka chino apita abusa olembedwa aja ndi amayi awiri, ana atsala ndi agogo awo. M'magulu a amayi osinthana zinthu zavuta kwambiri, chifukwa mayi sangachoke pakhomo sabata yathunthu. Gulu limodzi mwa awiriwo lapempha kuti nalonso lilembe mbusa.

Koma mbusa mmodzi mwa atatu aja tamupeza kuti ali ndi zaka 15. Anabwera kuchokera kutsidya kwa malire, anatiuza kuti ali ndi 19, ndipo ndi wamtali kuposa ine. Sanalowepo m'kalasi. Ndiye kuti kuyambira Febuluwale takhala tikulipira mwana wa munthu wina kuti ana a m'kaundula wathu aphunzire. Usiku umenewo sindinagone bwino. Kumuchotsa n'kosavuta, koma ndalamayo ndi imene ikudyetsa mayi ake. Pakadali pano tagwirizana ndi mphunzitsi mmodzi kuti azimuphunzitsa kuwerenga madzulo pamodzi ndi anyamata ena anayi oweta, pansi pa nyali ya sola ya kusukulu, ndipo komiti ikufunafuna munthu wamkulu woti alowe m'malo mwake pofika Januwale. Mnyamatayo akuti sukulu ya masana saifuna, angachite manyazi kukhala ndi tiana. Sindinapeze yankho labwino.

Sukulu isanatsekere, mtsikana wa Giredi 8 wa m'banja limodzi la ntchitoyi anauza mphunzitsi wamkazi kuti patchuthi cha Disembala akufuna kumukwatitsa. Tchuthi chalitali chimenechi ndi chimene aphunzitsi amachiopa, chifukwa ndi nthawi ya mdulidwe wa atsikana ndi maukwati, ngakhale Kenya inaletsa mdulidwewo ndi lamulo la 2011 ndipo lamulo la maukwati la 2014 limati osakwana zaka 18 asakwatiwe. Bambo ake anali atalandira kale ng'ombe ziwiri, shuga ndi mabulangete. Ine sindinapiteko. Mlendo akalowerera nkhani yotere imasanduka ya mlendo ndi mudzi. Anapita wapampando wa amayi, mfumu ya boma ya deralo ndi mkulu wa msinkhu umodzi ndi bamboyo, chifukwa kuno mawu a mnzako amene munalowa naye limodzi uchinyamata amalemera kuposa a wina aliyense. Anakhala tsiku lonse. Bamboyo anati ng'ombe imodzi anagulitsa kale kuti alipire ngongole ya udzu wa pachilala. Amayi a gulu lake asonkha mbuzi zamphongo 6 mwa ana a Juni aja kuti zithandize kubweza. Mtsikanayo akakhala kwa azakhali ake ku Kajiado mpaka sukulu itatsegulidwa. Sindikunena kuti nkhaniyi yatha.

Novembala 2024

Tatchinga maekala awiri kuseri kwa sukulu, tazula oltiameleteti ndi manja, n'kufesa udzu wa mitundu iwiri wam'deralo, umodzi mwa iwo ndi umene m'mabuku amautcha Cenchrus ciliaris. Nzeruyi si yatsopano kuno. Kuyambira kale mudzi uliwonse umasunga kadambo kotchinga, olopololi, ka ana a ng'ombe ndi ziweto zodwala. Ife tangowonjezera mbewu ndi chikwakwa. Mvula yaifupi yachedwa ndipo yagwa yochepa. Udzu wamera mwa apo ndi apo.

Januwale 2025

Sukulu zatsegulidwa, ndipo kwa nthawi yoyamba pali Giredi 9, malinga ndi dongosolo latsopano la maphunziro limene linalowa m'malo mwa lakale lija la mayeso omaliza pulaimale a KCPE, omwe analembedwa komaliza mu 2023. Chipinda chawo sichinathe kumangidwa, akuphunzirira m'tchalitchi. Mtsikana uja wabwera, wakhala kutsogolo.

Mwa ana 131 a m'kaundula woyamba, 109 akubwera masiku ambiri pasabata. Ana 9 anasamuka ndi makolo awo, 4 anamaliza n'kupita kwina, ndipo 9 sakubwera, ambiri mwa iwo anyamata a zaka 12 mpaka 14 amene ali ku ng'ombe. Mbuzi zazikulu zatsala 139 mwa 160, kuphatikizapo 8 za osotua zimene tazipeza zili moyo. Ana aakazi okwana kupatsira ndi 44, ochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene ndinalemba m'pulani. Sangakwanire mabanja 40, choncho gulu lachiwiri tiyamba ndi mabanja 11 okha, ndipo ena adikira kuswa kwachiwiri.

Ndalama ya bungwe yolipira theka la abusa itha mwezi wamawa. Magulu awiri akuti apitiriza okha pogulitsa mbuzi yamphongo imodzi miyezi iwiri iliyonse. Gulu lachitatu silinayankhe. Munthu wamkulu wolowa m'malo mwa mnyamata uja wapezeka, ndi bambo amene wabwerako ku ulonda ku Nairobi. Mnyamatayo watsala pamudzi, akuthandiza kumunda wa udzu Loweruka, ndipo tsopano amalemba dzina lake ndi manambala a ndolo.

Fomu yolembera mabanja atsopano taisintha. Funso loyamba, dzina lisanalembedwe, likufunsa amene adzawete mbuzizo mkati mwa sabata ndi zaka zake. Lachinayi likubwerali tikuyamba ndi midzi ya kutsidya kwa mtsinje, ngati njinga yamoto ikhale itabwera kokonzedwa.